Mipata ya pakati pa madishi: ntchito ya kalabu yathu ya sayansi ku Ulongué

Zolembazi zachokera m'kope limene ndimalembamo tikaweruka ku kalabu Loweruka. Ndazikopera pano chifukwa aphunzitsi anzanga a fizika a ku Tsangano ndi ku Furancungo anapempha kuti aziona pamene tafika. Masabata amene sitinachite chooneka ndawadumpha.

Loweruka, 7 Juni

Tayamba. Tinalipo 14, ine ndi ana 13 a kalasi 11 ndi 12. Kunazizira kolowa m'mafupa, nkhungu osachoka mpaka cha m'ma 9 koloko, koma ana anafika ndithu, manja ali m'khwapa.

Ntchitoyi yabadwa ndi funso la mtsikana wina wa kalasi 11. Mwezi watha ndinawaonetsa pafoni chithunzi cha MeerKAT, madishi 64 oyera a m'chipululu cha Karoo ku South Africa, amene amamvetsera mafunde a wailesi ochokera kuthambo. Iye anachiyang'anitsitsa n'kunena kuti, "Aphunzitsi, ndalama zonsezi, bwanji anangowamwaza ngati mbuzi kubusa? Analibe chingwe?" Anzake anaseka, koma limeneli ndi funso la mwana wa mlimi weniweni. Kwathu kuno ku Angónia wobzala mbatata kapena chimanga amakoka chingwe, phando ndi phando mpata wofanana, ndipo wobzala chisawawa timamuyesa waulesi. Ndinamuyankha kuti anawamwaza dala. Sanakhutire, ndipo anachita bwino kusakhutira.

Tagwirizana zinthu ziwiri. Tiyale pabwalo la mpira zifanizo za matelesikopu awiri enieni, mipata yonse yoyezedwa ndi tepi. Kenako, zipangizo zikapezeka, tipange kachida kathu komvetsera Dzuwa kuchokera pamalo awiri, tione ndi maso athu chimene chimasintha mpata ukasintha.

Lero zinali za pabolodi. Kuthwa kwa telesikopu kumadziwika pogawa kutalika kwa funde ndi kukula kwa dishi. Funde la hydrogen, mpweya umene wachuluka kuposa wina uliwonse kuthambo, ndi la masentimita 21. Dishi ya mamita 25, kutalika ngati makalasi atatu ondondozana, ikamamvetsera funde limeneli singasiyanitse chilichonse chochepera kukula kwa Mwezi. Diso la munthu limathwa kuposa pamenepo ka 30. Kuti dishi imodzi ifike pa diso, iyenera kupitirira mamita 700, chonsecho dishi yaikulu kwambiri padziko, FAST ya ku China imene inatha kumangidwa mu 2016, ndi ya mamita 500, ndipo anachita kuigoneka m'chigwa pakati pa mapiri. Potulukira pake ndi apa: madishi awiri otalikirana, mukaphatikiza mafunde amene alandira, amathwa ngati dishi imodzi yaikulu molingana ndi mpata wa pakati pawo. Martin Ryle wa ku Cambridge ndi amene anaikhwimitsa njira imeneyi, ndipo analandira nayo mphoto ya Nobel mu 1974. Mpata umenewu akatswiri amautchula baseline. Ife tizingoti mpata.

Loweruka, 14 Juni

Zikhomo zinayi ndi chingwe chobzalira cha mamita 6. Gulu loyamba ndinaliuza kuti likhome zikhomo pamzere mmene likufunira. Anakhoma pa 0, 2, 4 ndi 6, mwaukhondo, ngati m'munda. Ndinati tsopano yezani mipata, osati ya zoyandikana zokha, koma chikhomo chilichonse ndi chinzake chilichonse. Inatuluka mipata 6: wa mamita 2 katatu, wa mamita 4 kawiri, wa mamita 6 kamodzi. Yosiyana itatu yokha.

Gulu lachiwiri ndinati zam'mapeto musazikhudze, sunthani zapakati ziwirizo mpaka pasapezeke mpata wobwereza. Anazula n'kukhoma, kuzula n'kukhoma, kwinaku akukangana. Patapita mphindi ngati 20 mnyamata wina wosakonda kulankhula anagwada n'kukhoma pa 1 ndi pa 4. Atayeza anapeza 1, 2, 3, 4, 5, 6, uliwonse kamodzi. Zikhomo zomwezo, chingwe chomwecho, mzere wooneka wosalongosoka, koma mipata yosiyana yachuluka kawiri.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, choncho ndinachedwapo. Mpata uliwonse umamva zinthu za msinkhu umodzi. Wautali umamva tinthu ting'onoting'ono, koma chinthu chachikulu chofalikira ngati mtambo suchimva n'komwe. Waufupi umamva chachikulucho, koma ting'onoting'ono sutisiyanitsa. Chithunzi cha thambo chimapangidwa pakompyuta pophatikiza zimene mipata yonse yamva, ndipo mpata umene palibe ndi mbali ya chithunzi imene palibe anaimva. Ndinawafanizira ndi mlandu wa pabwalo la mfumu. Mboni zitatu zimene zinaima pamalo amodzi zinena chimodzimodzi. Zimathandiza kutsimikiza, koma zimene zinachitika kuseri kwa nyumba sizingatuluke. Mfumu yanzeru imafuna wina amene anali pakhomo, wina kudambo, wina pamseu.

Ndinawachenjeza kuti asatenge kubwereza ngati tchimo. Ku Westerbork, ku Netherlands, madishi 10 mwa 14 anawaika pamzere mpata wofanana wa mamita 144, ndipo mipata yobwerezayo imathandiza kugwira dishi imene ikunama, monga mmene mboni zitatu zimagwirira yachinayi. Koma mipata ikakhala yofanana yokhayokha, chithunzi chimatuluka ndi mithunzi: nyenyezi imodzi imaoneka kangapo, pamalo pamene palibe kanthu. N'chifukwa chake madishi anayi otsalawo anawaika panjanji kuti azisuntha.

Kuwerenga mipata tinachita mopatsana moni wa pamanja. Anthu 14, aliyense kugwirana chanza ndi mnzake aliyense kamodzi, moni 91. Lamulo lake ndi kuchulukitsa chiwerengero ndi chiwerengero chochepera ndi chimodzi, n'kugawa pawiri. Madishi 27 amapereka mipata 351. Madishi 64 a MeerKAT amapereka 2,016.

Ntchito yakunyumba: zikhomo zisanu, mipata 10.

Loweruka, 21 Juni

Anabwera ndi 0, 1, 4, 9, 11. Palibe wobwereza, koma wa mamita 6 ukusowa, ndipo ena anakhumudwa poganiza kuti alephera. Sanalephere. Akatswiri a masamu anatsimikiza kale kuti zikhomo zikapitirira zinayi, mzere wopanda chobwereza komanso wopanda chosowa sungatheke. Womanga telesikopu amachita kusankha chimene alolere kutaya.

Loweruka, 28 Juni

Tsiku lalikulu pabwalo. Tayala chifanizo cha telesikopu yotchedwa VLA.

VLA ili ku New Mexico, ku America, m'chigwa chouma cha San Agustin, ndipo inatsegulidwa mu 1980. Ili ndi madishi 27 a mamita 25, oyalidwa ngati chilembo Y, 9 pa nthambi iliyonse. Nthambi ziwiri ndi za makilomita 21, ya kumpoto ndi yofupikirapo. Muyeso wathu, mita imodzi pabwalo ikuimira mamita 500 kumeneko. Pamuyeso umenewu dishi ikukhala ya masentimita 5, ngati chivindikiro cha chigubu cha mafuta ophikira. Ana anapempha zivindikiro 27 kwa amayi ogulitsa mafuta kumsika.

Mtunda wa dishi iliyonse kuchokera pamphanda umatsata nambala yake itakwezedwa ku mphamvu ya 1.716. A kalasi 12 anawerengera pafoni. Chivindikiro choyamba chinakhala masentimita 97 kuchokera pakati, chachiwiri mamita 3.2, chachisanu mamita 15.3, chachisanu ndi chitatu mamita 34.3, chomaliza mamita 42. Ndinaimitsa mwana pa zivindikiro zina za nthambi imodzi. Apakati anali kugundana mapewa, pamene awiri akumapeto ankachita kukuwirana. Kuchokera kunsonga ya nthambi ina kufika kunsonga ya inzake tepi inapereka mamita 73 kuperewera pang'ono, amene ndi makilomita 36. Ndi mpata umenewu VLA imathwa kuposa dishi yake imodzi ka 1,400 ndi kupitirira.

Chimene chinawakoka mtima ana ndi njanji. Dishi iliyonse imalemera matani oposa 200, koma amainyamula ndi chigalimoto choyenda panjanji n'kukaikhazika pena. Pafupifupi miyezi inayi iliyonse amasintha kayalidwe. Kotambasuka kwambiri ndi A, makilomita 36. Kenako B, makilomita 11, C makilomita atatu ndi pang'ono, ndipo D ndi kilomita imodzi yokha. Tinatola zivindikiro zonse n'kuyala D. Telesikopu imene inadzaza bwalo la mpira inakwana pamalo ngati a mphasa, zivindikiro zapakati zitatsala pang'ono kugundana.

Mwana wina anafunsa chifukwa chosazigundanitsa kumene. Dzuwa linali litapendeka, ndiye ndinaimitsa ana atatu moyandikana n'kuwauza kuti ayang'ane pansi. Chithunzithunzi cha woyamba chinagwera wachiwiri. Madishi nawonso akawerama kuyang'ana chinthu chimene chili m'munsi mwa thambo, wakutsogolo amatchinga wam'mbuyo. Ndiponso ngakhale atagundana, mpata sungachepere kukula kwa dishi. Choncho pakati pa mipata yonse pamatsala bowo, ndipo zinthu zofalikira kwambiri zimagwera m'bowomo. Ku ALMA, pamwamba pa mapiri a ku Chile mamita 5,000, anachepetsa bowoli poonjezera timadishi 12 ta mamita 7 pa madishi 54 a mamita 12. Tating'onoto timatha kuyandikana kwambiri.

Loweruka, 5 Julayi

MeerKAT, pamuyeso womwe uja. Dishi zake ndi za mamita 13.5, ndiye pabwalo ndi masentimita 2.7, kachitsekero ka botolo la zakumwa. Tinatsata chithunzi cha pafoni. Titsekero 48 tinalowa m'kabwalo ka mamita awiri m'mimba mwake, chifukwa madishi 48 ali m'kati mwa kilomita imodzi. Tina 16 tinamwazikana kunja, totalikirana kwambiri mamita 16, amene ndi makilomita 8. Toyandikana kwambiri tinali masentimita 6, kumeneko mamita 29.

MeerKAT inatsegulidwa mu Julayi 2018, pamtunda wa makilomita ngati 90 kuchokera ku tawuni ya Carnarvon, ndipo madishi ake sasuntha. Alibe njanji. Zimene VLA imachita posintha kayalidwe kanayi, MeerKAT iyenera kukhala nazo zonse nthawi imodzi: chimulu chapakati chomvera hydrogen wofalikira wosamveka bwino, ndi akunja ochepa opereka kuthwa. Kumwaza kuja ndi njira yopezera mipata yambiri yosiyana msinkhu, yolozanso mbali zosiyana.

Mtsikana wa funso uja sanalankhule. Anatenga tepi, n'kusankha kachitsekero kamodzi kakunja, n'kuyamba kuyeza kuchokera pamenepo kupita ku tina tonse, mnzake akulemba. Atafika pa mipata 20 anaimirira n'kupukuta maondo. "Aphunzitsi, palibe iwiri yofanana." Ndinangogwedeza mutu. Ndinasangalala kwambiri.

Ndinawauzanso za SKA, telesikopu yaikulu yatsopano imene anayamba kumanga mu Disembala 2022. Mbali yake ya ku South Africa inakonzedwa kuti idzakhale ndi madishi 197, kuphatikizapo 64 a MeerKAT, ndi nthambi zitatu zofika mpata wa makilomita 150. Pabwalo pathu ndi mamita 300, kudumpha mpanda wa sukulu. Paulendo weniweni ndi kuposa theka la njira yochoka kuno kupita mumzinda wa Tete. Nthambi zake si zowongoka ngati za VLA, n'zokhota ngati chigoba cha nkhono, chifukwa panthambi yowongoka mipata yambiri imaloza mbali imodzi ndipo chithunzi chimatuluka ndi mizeremizere. Mozambique ndi limodzi mwa mayiko asanu ndi atatu a mu Africa ogwirizana ndi South Africa pa ntchitoyi, pamodzi ndi Zambia, Botswana, Namibia, Kenya, Ghana, Madagascar ndi Mauritius. Ku Ghana anatenga dishi yakale ya matelefoni ya mamita 32 ku Kuntunse n'kuisandutsa telesikopu mu 2017. Ine sindifuna kuti dziko lathu lizingotchulidwa pamndandanda. Ndikufuna ana awa adzakhale m'gulu la owerengera pamene dishi ikhale.

Loweruka, 19 Julayi

Dzungu, kamtengo kolibaya kuchokera kuphata, ndi misomali iwiri yokhomedwa moyandikana, umodzi kum'mawa wina kumadzulo. Dzungu ndi dziko, misomali ndi madishi. Mwana mmodzi anakwera patebulo kuyang'ana dzungu kuchokera kumwamba, wina anakhala pambali, ine ndikulizunguza. Wapatebulo anaona mzere wa misomali ukuzungulira ngati muvi wa wotchi. Wapambali anaona ukungofupika ndi kutalika, osatembenuka.

Nyenyezi imaona mpata wathu momwemo. Dziko likamazungulira, madishi awiri omwewo amapereka mipata yatsopano popanda kuwasuntha, ndipo m'maola 12 mzere umodzi umakhala utaloza mbali zonse. N'chifukwa chake Westerbork inatheka ndi mzere umodzi wa makilomita 2.7, wochoka kum'mawa kupita kumadzulo. Koma kwa nyenyezi za pamwamba pa equator, zimene zili ngati mwana wapambali uja, mzere umodzi suthandiza. Y ya VLA ili kale ndi mipata yoloza mbali zambiri, sichita kudikira dziko.

Gawo loyamba latha. Dzungu lapita kwa alonda.

Loweruka, 9 Ogasiti

Zipangizo. Tapeza dishi yakale ya TV ya masentimita 90, LNB yake (kachida ka kutsogolo kwa dishi kolandira mafunde), ndi kamita kofufuzira siginolo kamene okhoma madishi amangoti fayinda. Achimwene ena amene amakhoma madishi m'tawuni muno atibwereka fayindayo, ndipo ndiwo anatiletsa maganizo athu oyamba. Tinkafuna madishi awiri, mawaya awo n'kukumana pamodzi. Iwo anati, "Aphunzitsi, LNB iliyonse ili ndi kugunda kwakekwake. Ziwiri sizingayendere limodzi." Akunena zoona. LNB imatsitsa funde pogwiritsa ntchito kawotchi kake ka m'kati, ndipo mawotchi awiri osalumikizana ali ngati oimba ng'oma awiri osamvana. Kumatelesikopu enieni madishi onse amamvera wotchi imodzi.

Ndiye mafunde awiriwo akumane asanafike pa LNB. Njirayi ndi yakale. Mu 1920 Albert Michelson ndi Francis Pease anaika mtanda wa mamita 6 pakamwa pa telesikopu ya ku Mount Wilson, magalasi awiri kumapeto, awiri pakati, n'kuyeza kukula kwa nyenyezi ya Betelgeuse. Ifenso titero, koma ndi malata osalala anayi a masentimita 50 m'malo mwa magalasi. Awiri akunja alandire mafunde a Dzuwa n'kuwaponyera pakati, awiri apakati awagwetsere m'dishi. Akunjawo ndiwo madishi athu awiri, ndipo azitsetsereka pamtanda kuti mpata uzisintha.

LNB imamva mafunde a pafupifupi 11 GHz, amene kutalika kwake ndi masentimita 2.7. Dzuwa ndi lalikulu theka la digiri, ndipo limayenda kota ya digiri pa mphindi. Tawerengera kuti pa mpata wa mamita 1.2 singano iyenera kukwera ndi kutsika mphindi 5 zilizonse, pa mamita 2 mphindi zitatu. Mpata ukamakula kutsikako kuzichepa, ndipo cha pa mamita 3.5 kuzimiririka. Pamenepo Dzuwa lidzakhala litakula kuposa chimene mpatawo ungamve. Tazilemba pachikuto cha kope kuti tisadzazisinthe tikaona zotsatira.

Loweruka, 23 Ogasiti

Mtanda watheka, paipi yamakona anayi ya mamita 4. Bambo owotcherera zitsulo anandifunsa kawiri ngati malatawo akufunikadi kupendekeka madigiri 45 enieni. Nditawafotokozera anati, "Ndiye musawakhomere okha, aphunzitsi. Lata limapindika likaona dzuwa. Amateni pathabwa." Tamata pa plywood. Lata likapindika kupitirira mamilimita atatu funde limasokonekera, choncho tinayesa lililonse ndi rula yachitsulo, tikusuzumira kuwala kodutsa pansi pake.

Tisanaike mtanda tinayesa dishi payokha, ndi batire. Tinataya ola lathunthu tikuloza Dzuwa, singano ili phee. Vuto linali lakuti dishi za TV zimene LNB imakhala m'munsi siziyang'ana kumene nkhope yake yaloza, zimayang'ana pamwamba pake ndi madigiri oposa 20. Tinamata tizidutswa titatu ta galasi padishi n'kuitembenuza pang'onopang'ono mpaka timadontho ta kuwala tinakumana pachipewa cha LNB. Nthawi yomweyo fayinda inalira mokweza, singano n'kukwera. Ana anakuwa mpaka alonda anabwera kudzaona. Kenako tinaloza thambo lopanda kanthu, mtsikana wina n'kuika dzanja kutsogolo kwa LNB. Singano inakweranso. Thupi la munthu limatulutsa mafunde a wailesi chifukwa ndi lofunda kuposa thambo. Aliyense anafuna kuyesa dzanja lake.

Loweruka, 13 Seputembala

Zakanika. Taika mtanda, taloza Dzuwa, singano yangothamangira kumapeto n'kukakamira komweko. Tachepetsa mphamvu pa fayinda, chimodzimodzi. Tasintha waya, chimodzimodzi.

Loweruka, 20 Seputembala

Chimodzimodzinso, ndipo ana atatu sanabwere. Madzulo ndinapita kwa achimwene a madishi aja. Asanamalize n'komwe kumva anati, "Ino si nyengo imene ma TV amadukaduka masana?" Mutu unatseguka. Masetilaiti a TV ali pamzere umodzi pamwamba pa equator, makilomita pafupifupi 36,000 kuchokera pansi. Kuchokera kuno, pa madigiri 14.7 kum'mwera, Dzuwa limadutsa kumbuyo kwa mzere umenewu chapakati pa Seputembala ndi chakumapeto kwa Malichi. Pa nthawiyi Dzuwa limasokoneza TV za anthu, ndipo ife masetilaiti akutisokonezera Dzuwa, popeza kwa LNB iwo ndi ofuula kwambiri. Chida chathu chilibe vuto. Ndinayenera kuziwerengera izi mu Ogasiti, ndipo zandipweteka kuti ana ataya Loweruka liwiri, ena mpaka kugwa mphwayi.

Tidikira Dzuwa lipite kum'mwera. Ndawauza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Pakadali pano tikhala tikulinganiza malata: akunja awiriwo ayenera kutalikira pakati mofanana, kusiyana kwake kusafike sentimita, apo ayi mafunde awiriwo amafika mosiyana nthawi ndipo sagwirizana. Tadinda mtanda ndi penti, masentimita khumikhumi mbali zonse.

Loweruka, 18 Okutobala

Zatheka.

Dzuwa tsopano likudutsa pafupifupi paliwombo, ndiye chida chagona chagada, mtanda kuloza kum'mawa ndi kumadzulo, titachitsamiritsa pa njerwa. Kuno Dzuwa limafika pakatikati cha m'ma 11:30, osati 12 koloko, chifukwa tili kum'mawa kwa mzere wa madigiri 30 umene wotchi ya dziko lino imatsata, ndiponso mwezi uno Dzuwa limafulumira ndi kota ya ola. Tinaloza patsogolo pang'ono pa Dzuwa n'kusiya osakhudza. Mmodzi anagwira foni n'kumati "tsopano" masekondi 15 aliwonse, wina kuwerenga singano, awiri kulemba. Otsala ndinawakhazika patali pansi pa mtengo wa mango, chifukwa tinaona kale kuti munthu akadutsa pafupi singano imamumva.

Mpata mamita 1.2. Mphindi zoyamba singano inali pansi. Kenako inayamba kukwera pang'onopang'ono, ngati mmene inachitira mu Ogasiti, ndipo mumtima ndinati mwina ingokwera kamodzi n'kutsika, kusonyeza kuti lata limodzi lokha ndi limene likugwira ntchito. Koma ili pakati pokwera inaima, n'kuyamba kubwerera pansi, Dzuwa lili ng'aa pamwamba pathu, mtambo palibe. Wowerengayo mawu anayamba kunjenjemera. Inatsika kwambiri, n'kukweranso kuposa poyamba, n'kutsikanso, n'kukwera kachitatu pang'ono. Atajambula papepala panatuluka timapiri titatu, lapakati lalitali, kuchoka pansonga kufika pansonga mphindi 5 ndi masekondi owerengeka. Mnyamata wa zikhomo uja anatsegula chikuto cha kope n'kuloza nambala ya mu Ogasiti, osalankhula kanthu.

Kuti titsimikize, tinalozanso patsogolo pa Dzuwa n'kutchinga lata limodzi lakunja ndi thabwa lonyowa. Timapiri tinasowa, panatsala chulu chimodzi chosalala. Kutsika kuja kumachitika pamene funde la kum'mawa ndi la kumadzulo afika motsutsana n'kuzimitsana.

Loweruka, 25 Okutobala

Mpata mamita 2. Timapiri tayandikana, mphindi zitatu, ndipo tachuluka. Chachikulu n'chakuti zigwa za pakati pake sizikutsikanso ngati sabata yatha, singano ikumabwerera isanafike pansi. Ndinafunsa chifukwa chake. Mtsikana wa funso uja anati mbali ya kum'mawa ya Dzuwa ikamakweza singano, ya kumadzulo yayamba kale kuitsitsa, ndiye zikulimbana. Ndi momwemo. Dzuwa silinachepe mphamvu, koma layamba kukulira mpatawo. Iye anapitiriza yekha kuti ndiye madishi akunja a MeerKAT, otalikirana makilomita 8, chinthu chachikulu ngati Dzuwa sangachimve chonse, n'chifukwa chake 48 anawaunjika pakati.

Ulendo wachiwiri tinayesa mamita 3. Sizinaoneke bwino. Timapiri tilipo tating'ono kwambiri, zimene tinkayembekezera, koma singano yonse inali yotsika, zimene sitinkayembekezera. Titakoka ulusi kuchokera kumapeto kufika kumapeto tinapeza kuti paipi yawerama ndi kulemera kwa matabwa, ndiye malata akunja akuponya mafunde pambali pa apakati. Zotsatira za mamita 3 sitiziwerengera. Ndazilemba m'kope ndi kuzidula mzere.

Bambo owotcherera aja ati aika kachitsulo koimirira pakati ndi mawaya awiri okokera kumapeto, monga amachitira ndi geti lolemera. Ana asonkha ndalama ya waya. Mtanda ndikautenga Lachinayi. Mitambo yayamba kusonkhana masana chakumapiri a Dómuè, ndipo a kalasi 12 alowa m'mayeso posachedwa, choncho tatsala ndi Loweruka liwiri kapena atatu. Pa 1 Novembala Dzuwa lidutsa pafupifupi ndendende pamutu pathu, chida chigona chosatsamiritsa. Tiyamba ndi mamita 2.5, kenako 3, ndipo 3.5 tisungira sabata yotsatira. Tikumana 10 koloko kuti malata alinganizidwe ndi ulusi nthawi ilipo.